Dandaulo langa pa CV zitatu ndi maphunziro a malonda amene munandigulitsa

Ulongwe, Angónia

Kwa a Bwana oyang'anira kampani
Ofesi ya mumzinda wa Tete

A Bwana,

Foni ndaimba mokwanira, ndipo kubwera kudzadandaula ndabwera katatu. Tsopano ndalemba, kuti mawa pasadzapezeke wonena kuti nkhani yanga simunaimve. Dzina langa, nambala yanga ndi uthenga wa e-Mola, njira yotumizira ndalama pafoni, wosonyeza kuti ndinalipira mametikali 3,500 (3,500 MT) mu Febuluwale zonse zili m'kompyuta yanu, choncho sindizibwereza. Chimene ndikufuna muwerenge ndi zimene zandichitikira chilipirireni ndalamayo.

Mnyamata wanu amene ankayenda ndi timapepala mumsika wa Ulongwe anandiuza kuti inu simulemba CV imodzi ya ntchito zonse. Anati mumayamba mwawerenga vaga, chilengezo cha ntchito, n'kulemba CV yoyankha zimene olemba ntchitowo akufuna, ndipo pamwamba pake mundiphunzitsa kwa milungu inayi kugulitsa katundu pa WhatsApp ndi Facebook. Mawu amenewa anandigwira mtima chifukwa ndinali nditatopa kutumiza pepala limodzi lomwelo kulikonse popanda yankho. Ndalamayo sinali yotola. Mayi anga anagulitsa mbuzi m'nyengo ya njala, pamene mitengo ya ziweto imagwa, ndipo yotsalayo ndinatenga ku chipereganyu cha amayi a kutchalitchi kwathu, chimene ndikubwezabe mpaka lero.

Ndinakupatsani vaga zitatu. Yoyamba inali yosunga katundu munkhokwe ya kampani ina yogwira ntchito ndi migodi ya malasha ku Moatize. Yachiwiri inali ya bungwe lofuna munthu woyendera alimi ku Angónia ndi Tsangano. Yachitatu inali yolandira ndalama m'sitolo ina mumzinda wa Tete. Ndinakhala pansi ndi mtsikana wanu pafupifupi ola lathunthu, ndikumufotokozera kuti ndinamaliza kalasi ya 12, kuti ndagwira nyengo zinayi pamsika wa fodya ku Furancungo ndikulemba kulemera kwa mabelo ndi kuwerengera zolowa ndi zotuluka, ndiponso kuti ndagulitsa mbewu ndi feteleza m'sitolo ya zaulimi zaka ziwiri. Iye ankagwedeza mutu, akulemba.

Zimene munanditumizira ndi pepala limodzi lojambulidwa katatu. Mwasintha mzere wapamwamba wokha, pamene pali dzina la ntchito. Za mabelo a fodya, zomwe ndizo zikanauza a ku Moatize kuti munthuyu amadziwa kusunga mabuku a katundu, mulibemo ngakhale liwu limodzi. Vaga ya bungwe la alimi inanena poyera kuti ikufuna munthu wolankhula Chinyanja, koma pa gawo la zilankhulo munalemba Chipwitikizi ndi Chingelezi basi. Chilankhulo chimene ndinayamwa, chimene alimi a ku Domwe ndi ku Tsangano amamva, munachiona chosayenera kulembedwa. Ndipo pansi pa CV ya bungwe lomwelo munasiyapo nambala ya foni ya munthu wina. Ndinaiona patapita masiku asanu nditatumiza kale, tsiku lomaliza kulandira makalata litadutsa. Kaya anandiimbira, kaya sanandiimbire, sindidzadziwa. Mwina pali munthu wina amene anayankha foni n'kunena kuti mwalakwitsa nambala, mwayi wanga n'kuthera pomwepo.

Ndikuvomereza kuti ndinayenera kuwerenga mzere uliwonse ndisanatumize. Koma munanditumizira mapepalawo madzulo a tsiku loti mawa lake vaga ziwiri zitsekedwa, patatha milungu iwiri ndikukumbutsa, ndipo ndinawawerengera pa kafoni kakang'ono. Ndinakhulupirira anthu amene ndinawalipira kuti ndi akatswiri.

Choipa koposa ndi chimene munawonjezera. Munalemba kuti ndinachita maphunziro a ukhondo ndi chitetezo pa ntchito, aja amati HST, ndiponso kuti ndili ndi laisensi yoyendetsa galimoto. Zonsezi ndilibe, ndipo sindinauzepo munthu wanu kuti ndili nazo. A ku Moatize anandiitana pa imelo kuti ndikayankhe mafunso. Ndinabwereka nsapato kwa mchemwali wanga, ndinagona kwa azakhali ku Matundo kuti ndisachedwe. Nditakhala pamaso pa anthu atatu, bambo amene anali pakati anandipempha satifiketi ya HST. Ndinati ndilibe. Anatembenuza pepala, n'kundilozera ndi cholembera pamene zalembedwa, pansi pa chithunzi changa ndi dzina langa. Anandifunsa modekha kuti, "Mayi, ngati mukunama papepala musanalowe ntchito, makiyi a nkhokwe tingakupatseni bwanji?" Ndinayesa kufotokoza kuti CV inalembedwa ndi kampani, koma ndinaona m'maso mwawo kuti nkhani yatha. Pa ntchito ya nkhokwe chuma cha munthu ndi kukhulupirika. Nyengo zinayi ku Furancungo sindinasowetsepo belo limodzi, koma tsiku limenelo ndinatuluka m'chipinda muja ngati wakuba, chifukwa cha mizere iwiri imene inu munalemba.

Za maphunziro a malonda ndinena mwachidule, chifukwa nawonso anali achidule. Munatiika m'gulu la WhatsApp limene olemba ndi inu nokha, n'kumatiponyera mavidiyo a ku Brazil. Munthu wa muvidiyo amakamba za Pix ndi mitengo ya m'mareais, zinthu zimene kuno kulibe. Vidiyo imodzi inkandidyera mamega a tsiku lonse. Ine katundu wanga ndi nyemba, mbatata ya kachewere ya ku Tsangano ndi zitenje, ndipo mafunso anga ndi a kuno. Ndichite chiyani ndi anthu amene amafunsa mtengo makumi awiri pa tsiku koma osagula ngakhale mmodzi? Wogula wa ku Tete amakana kulipira asanaone thumba, ine ndimaopa kutumiza asanalipire, tikumane pati? Ndikapereka thumba la kachewere kwa kondakitala wa chapa, minibasi ya kuno, likakhala padepoti tsiku lonse padzuwa la ku Tete n'kuyamba kuwola, wotaya ndani? Nanga uthenga wabodza wonena kuti ndalama yalowa pa M-Pesa ndiuzindikira bwanji? Funso lomalizali ndinalifunsa nditataya kale zitenje zisanu ndi chimodzi kwa munthu wotere. Mphunzitsi wanu anandiyankha kumbali kuti vuto langa ndi maganizo aumphawi, ndipo njira yachangu yopezera ndalama ndi kubweretsa anzanga atatu kuti alembetse kwa inu, ine ndilandirepo kenakake. Ine ndinabwera kudzaphunzira kugulitsa nyemba, osati kugulitsa anzanga.

Kenako anati popeza ndilibe khadi la ku banki lolipirira kutsatsa pa Facebook, ndimutumizire 1,000 MT atsatse m'malo mwanga. Ndinatumiza. Tsamba langa linadzaza ndi anthu a mayina achilendo, a kumayiko amene thumba la nyemba silingafikeko, ndipo palibe mmodzi anafunsa ngakhale mtengo. Ndapempha kanayi kuti andionetse lisiti losonyeza kuti ndalamayo inapitadi ku Facebook. Mpaka lero sanandionetse.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho ndinanyamuka. Kaya mukudziwa kuti kuchoka ku Ulongwe kufika kwa inu ndi makilomita oposa 200? Munthu amadzuka 4 koloko m'mamawa, kudikira galimoto idzaze, kutsika mpaka pa Mussacama, kudutsa Moatize, kuwoloka Zambezi, n'kufika thukuta lili chuchuchu. Ulendo woyamba ndinapeza chitseko chotseka 11 koloko, Lachiwiri, pamene pafoni munandiuza kuti ndibwere tsiku lomwelo. Mlonda anati mwapita ku maliro. Maliro sindingawatsutse, koma foni yondiuza kuti ndisanyamuke munali nayo. Ulendo wachiwiri anandiuza kuti a bwana ali ku Beira, ndibwere sabata yamawa. Ndalama ya maulendo awiri okhawo, kupita ndi kubwerera, inaposa theka la imene ndikuitsatirayo.

Ulendo wachitatu ndi umene wandilembetsa kalatayi. Ndinafika 10 koloko, n'kukhala pabenchi maola awiri, anthu obwera pambuyo panga akulowa. Nditaitanidwa, ndinapereka moni kwa mayi wa pakauntala m'Chipwitikizi, ndipo ndinayamba kufotokoza. Mtima utadzaza, mawu ena anatuluka m'Chichewa, monga zimachitikira munthu akamalankhula zomupweteka. Mayiyo amachimva bwino, ndinamumva akulankhula pafoni ndi m'bale wake. Koma anaika cholembera pansi, n'kunena mokweza kuti onse pabenchi amve: "Iwe, kuno si kumunda. Ngati sutha kulankhula ngati munthu wophunzira, ntchito ukuifuniranji?" Anyamata awiri amene ankadikira anaseka. Ndinamuuza kuti ndine mayi wa ana awiri ndipo sindine "iwe" wake. Anayankha kuti, "Anthu a ku Angónia mumavuta. Tinakukongoletsera CV kuti uoneke munthu, m'malo mothokoza ukubwera kudzalira. Aliyense amawonjezera, wopusa ndi iwe amene unavomera kuti satifiketi ulibe."

A Bwana, mawu amenewa muwawerenge kawiri. Wantchito wanu anavomereza pamaso pa anthu kuti bodza lija silinali ngozi, ndi mmene mumagwirira ntchito, ndipo anandinyoza chifukwa chokana kunama pamaso pa olemba ntchito. Anthu a kumunda amene iye akuwaderera ndi omwe amalima kachewere, kabichi ndi nyemba zimene mumagula m'misika ya ku Tete. Ndi omwenso mnyamata wanu amawatsatira mpaka ku Ulongwe ndi timapepala akafuna ndalama zawo. Tsiku lolipira ndinali "Dona", ndinapatsidwa mpando ndi madzi ozizira. Tsiku lodandaula ndinasanduka "iwe".

Ndinapempha buku lolembamo madandaulo. Anati latha masamba. Ndinapempha kuonana nanu. Anati mulibe, chikhalirecho chitseko cha mkati chinali chotsegula pang'ono ndipo ndinkamva mawu a bambo akuseka pafoni. Kaya munali inu, kaya sanali inu, mukudziwa ndinu. Ndinatuluka manja akunjenjemera, ndipo misozi ndinaigwira mpaka nditawoloka mlatho wa Samora Machel. Kunyumba mayi anga anandifunsa ngati ndalama ya mbuzi yabwerera, ine n'kusowa choyankha.

Tsopano zimene ndikufuna ndi izi. Mundibwezere 4,500 MT, ndiye kuti 3,500 ya poyamba ija ndi 1,000 ya kutsatsa, pa nambala yomwe ndinalipirira. Za maulendo sindikuwerengera, ngakhale ndikanayenera. Mundilembere kalata ya chidindo chanu yonena kuti za HST ndi laisensi zinalembedwa ndi ofesi yanu ine osadziwa, kuti ndikaipereke ku Moatize. Ntchito ija inapita, ndikudziwa, koma makampani a kumigodi amadziwana, ndipo sindikufuna dzina langa lizikumbukika ngati la mayi wabodza. Mufufutenso m'kompyuta yanu zithunzi za chitupa changa cha unzika (BI), nambala yanga ya msonkho (NUIT) ndi satifiketi ya sukulu. Ngati nambala ya munthu wina inagwera pa CV yanga, ndili ndi chifukwa choopera kuti zanga zikuyenda pa mapepala a anthu ena. Ndipo mayi wa pakauntala uja andipepese. Sindikupempha kuti achotsedwe ntchito, ulova ndikuudziwa kuwawa kwake, koma adziwe kuti amene anamunyoza ndi munthu.

Ndikukupatsani masiku khumi kuchokera tsiku limene mwalandira kalatayi. Akadutsa, ndikapereka dandaulo ku bungwe la boma loyendera malonda, pamodzi ndi CV zitatu zija, mauthenga onse a WhatsApp ndi umboni wa malipiro. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula, Lei 22/2009, ndipo limateteza wa ku Ulongwe chimodzimodzi ndi wa mumzinda. Ndikakambanso nkhaniyi pa wailesi ya kwathu ndi ku chipereganyu, chifukwa pali atsikana awiri amene ndinawalozera kwa inu ine ndisanaone zotsatira, ndipo mmodzi ndamuletsa kale. CV yanga yatsopano wandithandiza kulemba mphunzitsi wina wopuma wa kuno kwathu. Anawerenga vaga mzere ndi mzere, anandifunsa mafunso madzulo awiri, ndipo ili ndi zoona zokhazokha, mabelo a fodya ndi Chinyanja changa zili momwemo.

Musandiitanenso kuti ndibwere ku Tete kuti tidzakambirane. Ulendo wachinayi sindiyenda. Ndalama mutumize pafoni, kalata ya chidindo muijambule n'kunditumizira pa imelo, ndipo yeniyeniyo mukaisiye kwa azakhali anga ku Matundo, amene nambala yawo ndakulemberani kuseri kwa pepalali.

Ine kasitomala wanu,
wa ku Ulongwe