Lipoti la msonkhano wa amisiri: zoti tichite ndi makina athu akale a CNC

A Wapampando, a komiti, ndi amisiri anzanga nonse,

Munandituma ku msonkhano wa amisiri a zitsulo ndi a zamagetsi umene unachitikira ku Kanengo, kuti ndikamve ngati makina athu osema zitsulo aja a CNC (oyendetsedwa ndi kompyuta), amene angokhala pakona atafunditsidwa lona, angadzukenso. Yankho ndi lakuti angadzuke. Koma tisanatulutse ngakhale tambala m'thumba la gulu, pali zoti tiyeze kaye, ndipo ndikupempha kuti mundimvetsetse pamenepo.

Amisiri amene anagwirapo kale ntchito yotereyi anagwirizana chimodzi: pa makina akale a CNC, chimene chimayamba kufa ndi bokosi lowongolera. Sikilini yagalasi ija imazima, ma capacitor amauma, ndipo batire yosunga ma parameter ikatha, makina amaiwala zonse zimene anauzidwa kufakitale. Thupi lachitsulo limakhala lidakali lolimba. Mabolodi akale a Fanuc, Siemens kapena Heidenhain amapezeka, koma ndi ogwiritsidwa kale ntchito, odula, ndipo ndalama zakunja zoitanitsira mukudziwa nonse mmene zikuvutira. N'chifukwa chake ambiri akuchotsa bokosi lonse n'kuikamo zamagetsi zatsopano ndi pulogalamu yatsopano.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chionetsero cha bambo wina wachikulire amene wakhala pa lathe moyo wake wonse. Sanayatse kompyuta. Anamata dial gauge (geji ya muvi yoyezera kusuntha kochepa kwambiri) pa thupi la makina, nsonga yake itagunda tebulo. Anapukusa ballscrew (chitsulo chachitali chamazinga choyendetsa tebulo) ndi dzanja kupita mbali imodzi, n'kuika muvi pa ziro, kenako anayamba kubweza pang'onopang'ono. Ballscrew inkazungulira koma muvi uli chiimire, mpaka patapita kanthawi m'pamene unagwedezeka. Kampata kameneko ndi kamene amati backlash. Anatiuza kuti tiziyeza malo atatu, kumapeto konse kuwiri ndi pakati, chifukwa pakati ndi pamene pamadyeka kwambiri poti ntchito zambiri zimagwiridwira pamenepo. Ngati pakati pali mpata waukulu kuposa kumapeto, ndiye kuti ballscrew yeniyeniyo yadyeka. Ngati mpatawo ndi wofanana paliponse, tiyang'ane nati, mabering'i a kumapeto kapena coupling, zimene ndi zotsikirapo mtengo.

Mnyamata wina anafunsa ngati pulogalamu singabweze mpatawo yokha. Imatha, pang'ono. Poboola mabowo zimathandiza. Koma posema chozungulira, pamalo anayi pamene tebulo limatembenuka pamatsala chizindikiro, ndipo mpeni ukamakoka chitsulo tebulo limalumphira mu mpata womwewo. Kuika zamagetsi zatsopano pa makina odyeka kuli ngati kuika injini yatsopano m'minibasi yothyoka chasisi. Tiyezenso njanji zimene tebulo limatsetserekapo, timvetsere ngati spindle (chozungulitsa mpeni) ikulira, ndiponso tione ngati timapaipi ta oyilo sitinatsekeke. Makina okhalitsa ngati athuwa, oyilo amauma m'timapaipimo, ndiye munthu akangowayatsa amayendetsa chitsulo pa chitsulo.

Pa nkhani ya mamota panali mtsutso waukulu ndithu. Ena amati chotsani zonse, ikani ma stepper (mamota oyenda m'masitepe ang'onoang'ono), ndi otchipa ndipo savuta kulumikiza. Zimenezo n'zoona pa makina ang'onoang'ono osema matabwa kapena zikwangwani. Vuto la stepper wamba n'lakuti ikalemedwa imadumpha masitepe osauza kompyuta, ndipo mphamvu yake imatsika ikamathamanga. Umangozindikira poyeza kuti chitsulo cha kasitomala chawonongeka. Ena amati ngati ma servo akale (mamota oyezedwa pamene afika) ndi ma drive ake (zipangizo zowapatsa magetsi) ali moyo, asiyeni pomwepo. Ma drive akale ambiri amalamulidwa ndi magetsi ochepa, kuyambira -10 mpaka +10 volts, ndipo pali mabolodi, monga Mesa 7i77, opangidwira ntchito imeneyi: amatumiza lamulolo n'kumawerenga encoder (kachipangizo koyeza kuzungulira kwa mota) kuti kompyuta idziwe pamene tebulo lafika. Ine ndili mbali ya gulu lachiwirili, chifukwa makina athu ndi olemera ndipo mamota aja anasankhidwa molingana ndi kulemerako. Chofunika kuona n'chakuti kumbuyo kwa mota kuli encoder kapena resolver (kachipangizo kena ka ntchito yomweyo), poti resolver imafuna bolodi ina kapena kuisintha.

Mapulogalamu anationetsa atatu. GRBL imayenda pa kabolodi kakang'ono kotchedwa Arduino, ndi yaulere, koma ndi ya makina ang'ono, ndiye sindichedwapo. Mach3 ndi imene ambiri akuidziwa. Imayenda pa Windows, layisensi yake ndi yogula, ndi yakale, ndipo kuti iyendetse makina kudzera pa parallel port imafuna Windows ya 32-bit. Yachitatu ndi LinuxCNC, imene inachokera ku pulogalamu yotchedwa EMC yopangidwa ndi bungwe la boma la America la NIST. Ndi yaulere, imatha kuyendetsa ma servo akale aja, imathanso kulamula chosinthira mipeni. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna munthu woleza mtima kuti akhale pansi n'kuikonza bwino. Sikuti kompyuta iliyonse imayenera, ndiye musanagule pali mayeso otchedwa latency test oonera ngati kompyutayo imayankha pa nthawi yake. Kompyuta yakale ya muofesi nthawi zambiri imakhoza mayesowa kuposa laputopu.

Kwa inu amene mumadandaula kuti muyambiranso kuphunzira, musade nkhawa. G-code yake, malamulo olembedwa oyendetsera makina, ndi yomwe ija: G0 kuthamanga, G1 kudula mowongoka, G2 ndi G3 kuzungulira, M3 kuyatsa spindle, M5 kuizimitsa. Masamu oikira makina nawonso si oopsa. Chitsanzo chimene tinawerengera limodzi: stepper ya masitepe 200 pa kuzungulira kamodzi, drive itagawa sitepe iliyonse pa 8, zimakhala 1,600. Ballscrew ikamayenda mamilimita 5 pa kuzungulira kamodzi, ndiye masitepe 320 pa milimita imodzi. Ukalemba nambalayo umalamula tebulo liyende, n'kuyeza ndi geji ngati lafikadi.

Tsopano za chitetezo, zimene sindikufuna kuti tidzachite zachidule. Batani lofiira loimitsira makina mwadzidzidzi lilumikizidwe ndi waya weniweni wodula magetsi a mamota, lisadalire kompyuta. Lilumikizidwenso moti waya akaduka makina aime okha. Kwathu kuno magetsi amatha kuthima ntchito ili mkati, ndiye pa makina amene mutu wake umakwera ndi kutsika, buleki ya mota ya Z, yokweza ndi kutsitsa mutuwo, ikhale yogwira yokha magetsi akachoka, apo ayi mutu wonse umatsikira pa ntchito kapena pa dzanja la munthu. Kompyuta ikhale ndi UPS, batire yoiyendetsa magetsi akathima. Tikaika VFD (chosinthira liwiro la mota) yoyendetsera spindle, mawaya ake adutse kutali ndi mawaya a encoder, ndipo a encoder akhale okutidwa ndi shield, chifukwa VFD imasokoneza timagetsi tating'ono ndipo makina amayamba kuima kapena kusuntha popanda chifukwa. Earth ikhale yeniyeni, yoyezedwa. Tiwerengenso kachitsulo kolembedwa pa mota iliyonse: magetsi athu a three phase ndi 400 volts pa 50 Hz, pomwe makina opangidwira America amayembekezera 60 Hz ndi ma volts ena.

Zopempha zanga ku komiti ndi izi. Bokosi lowongolera lija lisakhudzidwe ndi aliyense, ngakhale kuchotsamo waya mmodzi, mpaka titajambula zithunzi ndi kulemba nambala pa waya aliyense. Ma contactor, transformer ndi ma switch ambiri mmenemo tidzawagwiritsanso ntchito. Amene ali ndi dial gauge atibwereke Loweruka likubwerali kuti tiyeze mbali zonse zitatu zimene makina amayendera, X, Y ndi Z, zotsatira zilembedwe m'buku la gulu. Ndikupemphanso kuti tilembere kalata ku Lilongwe Technical College yopempha ophunzira a zamagetsi oti adzagwire nafe, komanso tisankhe achinyamata athu awiri amene adzakhalepo kuyambira waya woyamba, kuti makinawa akadzavuta tidzakhale ndi owadziwa m'gulu mwathu momwe muno. Mndandanda wa zogula ndi mitengo yake ndidzabweretsa tikayeza, chifukwa ngati ballscrew yadyeka, ndalama yoyamba ipite kumeneko.

Ine mthumwi wanu.