Musanapope mankhwala, tembenuzani tsamba

Mzuzu, mwezi wa Ogasiti

Achimwene,

Tili bwino kuno, kaya inu kumeneko ku Cape Town? Chisanu chikutha, ndipo m'madimba a m'mbali mwa Lunyangwa repu ndi mpiru zayamba kudzadza nsabwe monga mwa nthawi zonse mvula ikasiya.

Chithunzi chomwe munatumiza pa WhatsApp ndachiona. Tizikumbu tadzadza pawindo paja ndi ladybird wa mtundu wa harlequin, Harmonia axyridis. Kwawo ndi ku Asia. Anthu anamutengera ku America ndi ku Ulaya kuti azidya nsabwe, koma anafalikira mopitirira. Ku South Africa anaonekera mu 2001, ku Britain mu 2004. Mumuzindikira ndi chizindikiro chakuda chonga chilembo M pamalo oyera kuseri kwa mutu, miyendo yofiirira, ndi thupi lalikulupo. Madontho musawadalire, amasiyanasiyana kwambiri. Nsabwe amadya ndithu, koma zikachepa amayamba kudya mazira ndi ana a ladybird anzake, ndipo akafinyidwira limodzi ndi mphesa amaononga kukoma kwa vinyo. Ndiye ganizo lanu lobweretsa ena m'botolo podzabwera pa Khirisimasi, chonde lisiyeni. Akakhazikika m'dziko sachotsekanso, ndipo ife tili nawo athu.

Athuwo ndi a mtundu wa Cheilomenes, akuda okhala ndi mawanga achikasu kapena ofiira. Vuto n'lakuti alimi amadziwa wamkulu yekha. Mazira ake ndi achikasu, oimirira mothithikana kunsi kwa tsamba. Mwana wake safanana ndi make konse: ndi wakuda, wamtali, wa miyendo isanu ndi umodzi, ngati kang'ona kakang'ono. Ambiri amamuphwanya poganiza kuti ndi mbozi, pomwe iyeyo asanakule amadya nsabwe mazanamazana. Pali ladybird wina, Epilachna, amene amadya masamba a maungu n'kusiya mitsempha yokha ngati ukonde. Ameneyo ndi wothimbirira, wa tiubweya, ndipo ana ake ndi achikasu aminga. Ameneyo yekha ndiye woti mum'tole ndi manja.

Pakati pa nsabwe mukaona kamphutsi kobiriwira kopanda miyendo, ndi mwana wa ntchentche ija yooneka ngati njuchi, yomwe imaima malo amodzi m'mwamba. Makolo ake amadya timadzi ta maluwa, n'chifukwa chake chisoso cha m'mphepete mwa dimba sitichilimira chonse. Mukaonanso nsabwe zotupa, zouma, zofiirira ngati kambewu, zina zobooka kabowo kozungulira, dziwani kuti timavu ting'onoting'ono tinaikira mazira m'kati mwake. Masamba otero musawatenthe.

Chomwe chimandiwawa ndi ichi. Munthu akaona nsabwe amathamangira dimethoate kapena cypermethrin. Mankhwalawo amapha zonse, adani ndi abwenzi. Koma nsabwe yaikazi imabereka ana amoyo popanda yaimuna, ndipo mwanayo pakatha sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono nayenso wayamba kubereka. Ladybird amafuna pafupifupi mwezi kuchoka pa dzira kufika pokhwima. Pakatha masabata awiri nsabwe zabwerera zochuluka kuposa kale, wozidya palibe, ndipo mlimi wagulanso botolo lina.

Mlongo wanu amene akusamala dimba lanu ku Chibavi muuzeni achite chonchi. Kawiri pa sabata, m'mawa, asankhe mbewu 20 m'malo osiyanasiyana, atembenuze masamba ndi kuyang'ana kunsonga. Ngati nsabwe zili pa mbewu zowerengeka ndipo mazira achikasu kapena ting'ona tija tilipo, adikire masiku atatu aonenso. Nsonga zodzadza kwambiri athyole akakwirire. Zikachulukabe, asungunule supuni imodzi yaikulu ya sopo wamba m'lita imodzi ya madzi, apope madzulo kunsi kwa masamba, pa mbewu zogwidwa zokha. Sopoyo amapha nsabwe imene wainyowetsa basi, ndipo akapopedwa dzuwa likuswa mtengo amawaula masamba. Ayambe wayesa pa mbewu ziwiri.

Mthuthu, chitsamba chomwe kuno amati mtetezga, nawonso umathandiza: kilogalamu imodzi ya masamba ouma osinja m'malita 10 a madzi, kasopo pang'ono, zigone tsiku lathunthu, asefe ndi nsalu. Zotsala asatsukire mumtsinje chifukwa mthuthu umapha nsomba.

Ayang'anenso nyerere. Zikamakwera ndi kutsika pa tsinde, zikukama timadzi totsekemera ta nsabwe ndipo zimapirikitsa ladybird. Ndipo yureya asathire wambiri, chifukwa masamba anthete onenepa ndi amene nsabwe zimakonda.

Za mtedza wa dzinja likubwerali, adzabzale ndi mvula yoyamba, mothithikana kuti nthaka ibisike msanga. Nsabwe zofalitsa matenda a khate la mtedza zimatera kwambiri m'munda wa mipatamipata.

Moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzanu wa ku Luwinga