Nyumba zogona ophunzira zimangidwe molingana ndi malo athu a ku Tete

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhani ya malo ogona ana athu amene akuphunzira m'sukulu zaukachenjede m'chigawo chino cha Tete. Ndine kholo la ku Ulónguè, m'boma la Angónia, ndipo mwana wanga wamkazi amaphunzira mumzinda wa Tete, kumene amakhala m'chipinda cha lendi.

Mu Okutobala ndinapita kukamuona, ndipo zimene ndinapeza zinandimvetsa chisoni. Chipindacho n'cha malata otsika opanda siling'i, ndipo zenera lake limodzi lokhalo linayang'ana kumadzulo, moti dzuwa likapendeka limalowa mpaka pamphasa. Nditagwira khoma madzulo ndithu, linali likadali lotentha ngati mbale yophulidwa kumene pamoto. Mwanayo amaviika chitenje m'madzi n'kudzifunda kuti apeze tulo, ndipo mabuku amawatsegula pakati pa usiku, kukayamba kuzizirirako. Pabwalo panali chitsa cha mtengo wa masau, umene mwini nyumbayo anadula kuti apeze malo owonjezerapo zipinda ziwiri.

Aliyense akudziwa kuti mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumapitirira madigiri 40 mvula isanayambe. Tikudziwanso kuti chiyambireni kukumba malasha kwakukulu ku Moatize mu 2011, anthu ofuna ntchito anachuluka ndipo lendi inakwera, kotero kuti mwana wa mlimi wa mbatatesi amapikisana ndi wantchito wolandira malipiro pa chipinda chimodzi chomwecho. Pa nthawi yomweyi ophunzira akhala akuchuluka, pakuti tili ndi Instituto Superior Politécnico de Tete, imene inakhazikitsidwa mu 2005, nthambi za Universidade Zambeze mumzinda wa Tete ndi kuno ku Ulónguè, Universidade Púnguè, komanso sukulu yaukachenjede ya ku Songo. Mahositelo ena adzamangidwa ndithu, kaya ndi boma, mipingo kapena amalonda, ndipo pempho langa ndi lakuti asadzamangidwe ndi pulani imodzi yongotengera kwina.

Ambiri amaganiza kuti nyumba yotsika mtengo ndi yomangidwa mofulumira pamalo osalazidwa ndi thirakitala. Ine ndikuona kuti kusalaza kumeneko ndiko kumadya ndalama, poyamba polipira makina, kenako polimbana ndi kutentha ndi madzi zaka zonse zotsatira. Mlambe kapena msau umene wakhala pamalopo zaka zambiri umapereka mthunzi umene palibe mmisiri angaumange, ndipo pansi pake m'pamene ophunzira angakhale masana n'kumawerenga popanda kulipira magetsi. Nyumbazo zizungulire mitengo imene ilipo kale, ndipo bwalo lapakati likhale pomwe pali mthunziwo.

Kayang'anidwe ka nyumba sikafuna ndalama ina iliyonse, koma kamasintha zinthu kwambiri. M'chigwa chotentha ngati cha mzinda wa Tete, makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, aafupi ndiwo ayang'ane kum'mawa ndi kumadzulo, ndipo mbali ya kumadzuloyo kukhale mabafa ndi mosungira katundu, osati zipinda zogona. Chipinda chilichonse chikhale ndi mazenera mbali ziwiri, otchingidwa ndi sefa chifukwa cha udzudzu, kuti mphepo izidutsa usiku. Khonde lalikulu, limene makolo athu sankaliiwala pomanga nyumba, limateteza khoma ku dzuwa ndi ku mvula yomwe. Denga la malata likakwezedwa n'kusiya mpata pakati pa malatawo ndi siling'i, mpweya wotentha umatuluka wokha. Mmisiri wa ku Burkina Faso, Francis Kéré, anamanga chomwechi sukulu ya pulayimale m'mudzi wa kwawo wa Gando mu 2001, ndi njerwa za dothi la komweko, ndipo mu 2022 analandira mphoto ya Pritzker, imene ili yapamwamba kwambiri pa luso lojambula nyumba. Ngati zinatheka kumudzi wotentha chotero, sindikuona chimene chingatiletse ife.

Za zipangizo ndinene mwachidule. Miyala ili ponseponse mozungulira mzinda wa Tete, ndipo tchalitchi chakale cha ku Boroma chikuonetsa kuti makoma ochindikala amakhalitsa kuno. Njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina apamanja, sizifuna kuotcha, motero sitimaliza mitengo ya tsanya pofuna nkhuni za uvuni, ndipo anyamata a m'deralo angapeze ganyu poziumba.

Koma chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi madzi. Malo otsika mtengo nthawi zambiri amakhala a m'mphepete mwa mtsinje, ndipo amene akufuna kusunga ndalama amakopeka nawo. Tisaiwale kuti mu Malichi 2019 mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kulowa m'nyumba za anthu, ndipo mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga mlatho wa pamtsinje womwewo, umene umalumikiza Tete ndi Moatize. Mwana wochokera ku Macanga kapena ku Tsangano sadziwa pamene madzi amafika, amangolandira kiyi n'kugona. Choncho hositelo imangidwe pamtunda, njira zimene madzi amadutsamo zisiyidwe zotsegula ndi kudzalidwa udzu wa vetiva m'mbali mwake, ndipo madzi a padenga akololedwe m'matanki, popeza miyezi yopanda mvula kuno ndi yambiri.

Kwathu ku Angónia nkhani ndi ina, ndipo n'chifukwa chake ndikukana pulani imodzi. Kuno n'kokwera, mvula ndi yambiri, ndipo mu Juni ndi Julayi kuzizira kumalowa m'mafupa. Nyumba yoyenera ku Matundo, dera la mumzinda wa Tete, ingazunze mwana ku Ulónguè. Kuno mazenera aakulu ayang'ane kumpoto, kumene dzuwa limadzera m'nyengo yozizira, ndipo pamalo otsetsereka nyumba zing'onozing'ono zitsatane mopingasa phiri, monga momwe mlimi amapangira mizere yake kuti nthaka isakokoloke, m'malo modula phiri lonse kuti pakhale chinyumba chimodzi chachitali. Nyumba zing'onozing'ono zili ndi ubwino winanso, wakuti zingamangidwe pang'onopang'ono ndalama zikamapezeka, ndipo lendi yake ingakhale yoti kholo lodalira chimanga ndi nyemba lingaikwanitse.

Ndikupempha akuluakulu a sukuluzi, a khonsolo ya mzinda ndi onse ofuna kumanga kuti, asanavomereze pulani iliyonse, atumize ojambula nyumbawo akaime pamalopo masana a mu Okutobala ndiponso tsiku la mvula yamphamvu mu Januwale, afunse anthu achikulire a m'deralo pamene madzi anafikapo kale, ndipo akhale pansi ndi ophunzira eniake, makamaka atsikana, amene amafunanso njira yowala ndi yaifupi pochoka ku laibulale usiku.

Ine wanu,
Kholo la ku Ulónguè, Angónia