Mankhwala ena angapezeke mu mkaka wosasa

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule ndi mmene tikuonongera mankhwala opha mabakiteriya. Kuno ku Chipata ndinaona mayi wina atagula makapisozi awiri okha pakagolosale, imodzi n'kumwa, inayo n'kuisungunulira m'madzi a nkhuku zake zodwala. Tizilombo tikazolowera mankhwala chonchi sitifanso, ndipo akatswiri anawerengera kuti mu 2019 vutoli linapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse.

Chondipatsa chiyembekezo n'chakuti mabakiteriya nawonso amamenyana okhaokha, ndipo ena amatulutsa timapuloteni ting'onoting'ono topha anzawo. Chitsanzo ndi nisin, wochokera kwa Lactococcus lactis, kachilombo kosasitsa mkaka. Nisin amaboola khungu la bakiteriya wina mpaka za m'kati mwake kutayikira kunja. Papita zaka zambiri nisin akuteteza tchizi ndi zakudya za m'zitini kuti zisawonongeke, koma akamwedwa amagayika m'matumbo, choncho kumusandutsa mankhwala a kuchipatala kukufunabe ntchito yaikulu.

Ndikupempha ofufuza a ku University of Zambia kuti aunikenso mkaka wosasa umene alimi a ng'ombe ku Katete ndi ku Petauke amasunga m'zipanda, kuti aone ngati muli timapuloteni totere tomwe tingasanduke mankhwala.

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chipata