Zikomo chifukwa cha kapepala ka sol-fa

Kwa oyang'anira gulu la oimba ndi zipangizo zamakedzana,

Okondedwa bwana ndi nonse a mu ofesi,

Kalatayi ndailemba m'Chichewa dala. Bambo anga akuti zikomo wa m'Chingerezi ndi wamfupi ngati mchira wa mbuzi, sakwanira kuphimba zimene munthu wachitiridwa. Mwana wanga wamkazi akumasulirani. Mukaona kuti yafika kwa inu yaifupi, dziwani kuti wadula ndi iyeyo.

Ndiyambe ndi kuulula kuti tsiku limene ndinaimba foni ku ofesi yanu ndinali nditamanga kale nkhope. Ndakhala muno mu Manchester zaka 9 ndikugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo ndinaphunzira kalekale kuti malo ena oimbira nyimbo zoterezi amadziwa kumuuza munthu kuti kuno si kwanu osatsegula n'komwe pakamwa. Chaka chatha ndinagula matikiti awiri ku holo ina, dzina ndisatchule, kenako kuntchito anandisinthira shifiti. Ndinaimba foni kudakali masiku 6 kuti andisunthire tsiku lina. Anandisiya pa kanyimbo kodikirira mphindi 40, komweko komweko, mpaka ndinayamba kudana ndi Vivaldi, mwini kanyimboko, munthu woti sanandilakwire chilichonse. Atayankha anati nkhaniyo si ya iwo, ndilembe imelo. Imeloyo anayankha ndi makina, ndipo makinawo anandithokoza kwambiri chifukwa cha kuleza mtima kwanga. Ndalama zinapitira pomwepo.

Kwina ndinafika pakhomo tikiti ili m'manja, nditatchena chitenje changa cha pa Khirisimasi ndi duku lake. Bambo wina wa jekete yakuda anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa kuti gogo amene ndaperekeza ali kuti. Ntchitoyo ndi yangadi ndipo sindichita nayo manyazi. Koma tsiku limenelo ndinadziperekeza ndekha, ndi ndalama yanga. Nyimbo zonse za usiku umenewo ndinazimvera mtima uli phwii, moti sindikumbukira ngakhale imodzi.

Ndiye pandekha sindikanabwera kwa inu. Anandikakamiza ndi bambo. Anafika kuno mu September kudzacheza, ali ndi zaka 78. Anaphunzitsa pulayimale ku Dedza mpaka kupuma, ndipo kwa zaka zoposa 30 ndiwo anali kutsogolera kwaya ya CCAP kwathu. Haleluya wa Handel anamuphunzitsa anthu a m'mudzi ndi choko pa bolodi, doh re mi, sopulano payekha, aluto payekha, tena, besi, mpaka amayi osadziwa kulemba dzina lawo ankamuimba osaphonya polowera. Koma iwo eniake Handel woimbidwa ndi zipangizo anangomumva pa kaseti. Ataona dzinalo pa chipepala chanu pa siteshoni ya tiramu anaima chilili, ndodo m'manja, tiramu mpaka kutisiya. Khutu lawo lamanzere linatseka kale, maso nawo ng'ala yayamba. Ndinati basi, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiimbe foniyo ngakhale andizunguze.

Anayankha mtsikana. Dzina lake sindiliika pano poti kalatayi awerenganso ena, koma inu mukumudziwa, ndi uja wa pa tebulo la matikiti amene kalankhulidwe kake n'ka ku Wales. Foni inangoitana katatu. Ndinayamba kufotokoza mothamanga monga munthu wozolowera kudulidwa mawu, iye anati ndisathamange, alipo. Nditanena za khutu anandifunsa kuti labwino ndi liti. Palibe anandifunsapo funso limenelo, ngakhale kumalo kumene kumva kwa okalamba ndiye ntchito yawo. Ndinati lamanja. Anati ndiye mukhale chakumanzere kwa holo, kutsogolo, kuti oimba agwere mbali ya khutu labwinolo. Mipando imeneyo pa intaneti inkaoneka yotengedwa. Kaya anatani pa kompyuta yakeyo, kaya anapempha ndani, ine sindinamve bwino ndipo sindinafunse. Ndinangomva kuti zatheka, pa mtengo womwe uja.

Ndinali pafupi kutsanzika pamene anafunsa ngati bambo amakonda nyimbo zoterezi. Ndinamuuza za kwaya, ndi kuti manotsi a pa mizere isanu aja sawerenga, iwo ndi a sol-fa, doh re mi uja. Anakhala chete pang'ono, kenako anaseka. Anati agogo ake aakazi ankaimba ndi sol-fa yomweyo m'katchalitchi ka kwawo, ndipo mabuku awo akadali m'kabati. Ine sindinkadziwa kuti kawerengedwe kamene amishoni anabwera nako kwathu, kamene anafalitsa John Curwen muno mu England m'zaka za m'ma 1840, kanazikanso mizu chotero ku Wales. Tinaseka, tinatsanzikana. Sanalonjeze kanthu.

Usiku wa konsati, pa tebulo panali envulopu yolembedwa dzina la bambo, ndi mawu akuti Mr patsogolo pake. Mkati munali ndondomeko ya nyimbo yosindikizidwa ndi zilembo zikuluzikulu. Munalinso kapepala kena kolemba ndi pensulo, pamanja, malo ena ofufuta n'kulembanso. Mtsikanayu anakhala pansi n'kulemba mu sol-fa mzere wa besi wa nyimbo yoyamba, Chacony ya Henry Purcell. Pansi analembapo kuti ngati walakwitsa, aphunzitsi amukonze.

Bwana, ndikufuna mumvetse kuti kapepala kameneka kanachita chiyani. Chiyambire kufika kuno bambo akhala ali munthu wowolotsedwa msewu, wovekedwa jekete, wouzidwa kuti apa khalani apa musakhale. Atatsegula kapepalako anawongoka msana. Anakayandikiza kumaso, milomo ikugwedera, chala chikuyenda, ndipo tisanakhale n'komwe pansi anali akuing'ung'udza besiyo. Purcell, amene anabadwa mu 1659 n'kumwalira mu 1695 ali ndi zaka 36 zokha, anaimanga nyimboyi pa kamzere kakafupi ka besi kamene kamangobwerera, pamwamba pake mavayolini akusinthasintha. Popanda kapepala ine ndikanangomva kukoma. Bambo ankawerenga ndi chala pa bondo nthawi iliyonse kamzereko kakabwerera, ndipo pamene Purcell anakachotsa pansi n'kukapereka kwa zipangizo za mawu apamwamba anandigunyuza ndi chigongono ngati agwira mbala. Itatha anandinong'oneza kuti imeneyi ndi nyimbo ya pamtondo, musi ukugunda chimodzimodzi, mawu okha ndiwo akuyendayenda.

Pali china chimene ndiyenera kupepesa. Bambo sayenda opanda kachitsulo kawo ka mano awiri kotengera poyambira nyimbo. Oimba anu akukunga nsambo, iwo anakatulutsa m'thumba, anakamenya pa bondo, n'kukaika pa khutu labwino lija. Kenako anati, "Atsika awa." Munthu wosamva bwino sadziwa kunong'ona, ndiye mizere iwiri inamva. Mwayi unali woti ananena m'Chichewa.

Pa nthawi yopuma mtsikana uja anabwera kudzaona ngati tikumva bwino pamene anatiika. Bambo anaimirira, anamugwira dzanja ndi manja awiri, anamuuza kuti sol-fa yake ndi yolondola kupatula pamodzi pamene anaiwala kachizindikiro kotsitsa mawu, kenako m'Chingerezi chawo cha uphunzitsi anamudziwitsa mwaulemu kuti gulu lonse latsika. Ine ndinalakalaka pansi patang'ambika. Iye sanaseke, sanawanyengererenso ngati mwana. Anati aphunzitsi akunena zoona, adikire. Anapita kuseri n'kubwera ndi mayi woimba cello, vayolini yaikulu ija, chipangizo chili m'manja.

Mayiyo anafotokoza kuti kachitsulo ka bambo kamalira pa 440, kutanthauza kuti kamanjenjemera maulendo 440 pa sekondi, mlingo umene magulu a masiku ano amagwiritsa ntchito, pamene iwo amakungira pa 415, kutsika pafupifupi theka la sitepe, ngati kuchoka pa doh kupita pa te. Anati m'masiku a Bach tauni iliyonse, ngakhale tchalitchi chilichonse, chinkatsatira limba lake, ndipo 415 ndi pamene oimba a nyimbo zakale anangogwirizana m'nthawi yathu ino. Anawagwiritsa nsambo. Anati si zachitsulo, n'zopota ndi matumbo a nkhosa, ndiye zikamva chinyezi ndi mpweya wa anthu m'holo zimalefuka, n'chifukwa chake amakunga pafupipafupi. Bambo anagwedeza mutu n'kunena kuti ng'oma nayo imatero, ikazizidwa umaiwamba pamoto. Anawaonetsanso kuti cello yake ilibe kamwendo kachitsulo kotsamira pansi, amangoipanira ndi miyendo. Anacheza mpaka belu linalira, tiyi wa mayiyo n'kuzizira.

Tsopano za ndondomeko ya nyimbo, poti wina mu ofesi mwanumo anaikhalira pansi ndipo ayenera kumva. Nditaona kuti mwasakaniza nyimbo za zaka 300 zapitazo ndi za anthu amoyo, ndinati apa athira shuga m'ndiwo. Zipangizo zakale, bwanji osangoimba zakale? Koma zimene munachita ndi Brandenburg yachitatu zinanditseka pakamwa. Pepala la zilembo zazikulu lija linafotokoza kuti Bach anapereka nyimbo 6 zimenezi kwa kalonga wa ku Brandenburg mu 1721, ndipo yachitatuyi ili ndi mavayolini atatu, ma viola atatu ndi ma cello atatu, ndi besi ndi harpsichord, chipangizo chonga piyano, pansi pake. Pakati pa chigawo choyamba ndi chomaliza, pamene pakanakhala chigawo chodekha, Bach anangolemba makodi awiri basi, mawu angapo olira pamodzi kawiri kokha, ngati munthu wosiya mpando wopanda kanthu pa phwando. Inu pa mpando umenewo munakhazikapo nyimbo yatsopano ya mphindi zochepa, ya mayi amene anakhala mzere wa kumbuyo kwathu atafunda sikafu yofiira. Inayamba mwakachetechete, mauta akungokhudza nsambo, phokoso lake ngati mphepo m'munda wa chimanga chouma. Pa nsambo za matumbo kuphwephwetera kumeneko kumamveka, sikubisika. Inayenda, inasochera, ndinayamba kuda nkhawa, kenako mwadzidzidzi inakatera pa makodi awiri a Bach aja, ndipo chigawo chomaliza chinaphulika ngati ana otuluka m'kalasi. Thupi langa lonse linachita tsembwe.

Yatsopano yachiwiri ija, ya pambuyo popuma, ndisaname, inanditalikira. Penapake ndinayamba kuganiza za nthawi ya tiramu yomaliza. Bambo anaipirira nkhope ili gwa, kenako anaseka chamumtima n'kundiuza kuti machenjera amenewa akuwadziwa. Achinyamata akapeka kolasi yawo, iwo ankaiika pakati pa nyimbo ziwiri za m'buku zimene akulu ampingo amazikonda, kuti wofuna kunyanyala asowe potulukira. Akuti amene anakonza ndondomeko yanu ayenera kuti analimbanapo ndi akulu ampingo. Ndipo zoonadi palibe anatuluka, chifukwa aliyense ankadikira Handel.

Lipenga lija lalitali, lopanda mabatani, woliza akungodalira milomo, ndinali ndisanalionepo. Woimba besi atayamba nyimbo ya mu Messiah, imene inamveka koyamba ku Dublin mu 1742, bambo anazindikira mawu ake msanga. Ndi a pa 1 Akorinto 15, lipenga lidzalira ndipo akufa adzauka. Ndime imeneyi ndi imene abusa anawerenga pa maliro a mayi anga. Bambo anavula magalasi n'kuwagwira m'manja mpaka nyimbo kutha. Sindinawayang'ane kawiri.

Chimodzi chokha ndinene, si dandaulo. Potuluka bambo anafunsa mtsikana uja ngati anthu akuda amaimbako zipangizo zimenezi, poti pa nsanja sanaonepo ngakhale mmodzi. Sanazembe. Anati ndi ochepa, ndipo anawauza za Chi-chi Nwanoku, mayi woimba besi yaikulu amene anali m'gulu la oyambitsa Orchestra of the Age of Enlightenment mu 1986, ndipo mu 2015 anakhazikitsa Chineke! kuti oimba akuda ndi a mitundu ina apeze malo. Bambo analemba dzinalo kuseri kwa kapepala kawo. Funsolo ndakusiyirani inunso.

Ndikudziwa kuti maholo ena ali ndi ndalama zambiri kuposa inu. Ali ndi makapeti, ali ndi mapepala pakhoma olengeza kuti aliyense ndi wolandiridwa, ali ndi anthu olipidwa kuti alembe mapepalawo. Akanakhala ndi nzeru akanabwera kudzaima pafupi ndi tebulo lanu la matikiti tsiku limodzi, kungoonerera. Mtsikana ameneyo musamutaye, ndipo ngati kuli kokweza anthu pantchito, mwamva kwa ine.

Bambo akubwerera kumudzi mu February. Kapepala kali m'Baibulo lawo, ndipo ayamba kale kuikira mawu a Chichewa pa besi ya Purcell kuti akaiyese ndi kwaya, ngakhale anapuma ndipo amene akutsogolera pano sanawapemphe. Dzulo tasiya kaphukusi pa tebulo lanu, muli tiyi wa ku Thyolo. Paketi yaikulu ndi ya mtsikanayo, inayo ya mayi wa cello, kubweza tiyi wake amene anazizira. Bambo aikamonso kapepala kawo kokonza pamene panasowa kachizindikiro paja, ndipo andituma ndikuuzeni kuti malongosoledwe a 415 awamva ndipo awalandira, koma kwa iwo munatsikabe.

Ine wanu woyamika,
Mwana wa aphunzitsi a kwaya,
Manchester