Kalata kwa Nduna ya Zaumoyo pa za mantha okaunikitsa mawere

Olemekezeka a Nduna,

Ndine mayi wa zaka 46, ndipo ndinakhala chaka chathunthu ndikuzengereza kukaunikitsa mawere anga, ngakhale khansa ya m'mawere inali itatitengera kale achemwali anga aakulu. Ndikulemba kuti mumve m'mene mantha amenewa amakhalira kwa ife amayi, komanso zomwe unduna wanu ungachite.

Achemwali anapeza kachotupa akusamba, kolimba, kongofanana ndi njere ya mtedza. Poti sikamapweteka, anangokhala chete. Atapita ku chipatala china chaching'ono, anapatsidwa mankhwala opha ululu n'kuuzidwa kuti n'kachithupsa, kaphwa kokha. Miyezi inadutsa. Achibale ena anati alodzedwa, ndipo anakatemedwa mphini. Pomwe tinkafika nawo ku chipatala chachikulu, khungu la bere linali litachita timaenje ngati khoko la lalanje, nsonga ya bere italowa mkati, m'khwapa mutatupa. Adokotala anatiitanira pambali n'kutiuza kuti matenda afalikira kale. Akulu amati mukabisa matenda maliro tidzamva, koma achemwali sanabise mpaka mapeto ayi. Anapita kukaonetsa, kungoti amene anawaona sanawagwire n'komwe berelo.

Ine chomwe chinkandigwira miyendo ndi zomwe timauzana kuchigayo ndi kumaliro. Ena amati makina ojambula mkati mwa mawere, otchedwa mammogram, amaphwanya bere. Ena amati ndi omwewo amayambitsa khansa. Koma mantha aakulu, amene amayi ambiri sawatchula mokweza, ndi akuti akakupeza nayo akudula bere ndipo banja lithera pomwepo.

Tsiku lomwe ndinalimba mtima kukajambulitsa pa makinawo, anandichenjezeratu kuti ndisadzole pawudala kapena mafuta a m'khwapa, chifukwa amasokoneza chithunzi. Ndinavula bulauzi, mayi woyendetsa makinawo n'kuika bere langa pa kambale kafulati, ndipo kambale kena kanatsika n'kulipanikiza. Sindinama, ndinamva kukanikizika ndithu, koma zinali za masekondi ochepa, ndikugwira mpweya monga anandiuzira. Anajambula kawiri bere lililonse. Anandifotokozera kuti amapanikiza kuti mnofu uyalike, chithunzi chioneke bwino, komanso kuti mphamvu ya X-ray yomwe amagwiritsa ntchito ndi yochepa kwambiri. Ndinatuluka m'chipindamo mphindi 20 zisanakwane. Ndili pa minibasi ndinalira, osati chifukwa cha ululu, koma poganiza kuti mawu ochepa omwewa palibe anawauzapo achemwali anga.

Ndikudziwa, a Nduna, kuti makinawa sangafike m'boma lililonse mawa. Ndi okwera mtengo, amafuna magetsi odalirika ndi akatswiri owerenga zithunzi. Koma manja a namwino wophunzitsidwa bwino alipo kale m'zipatala zathu. Dziko lino linakwanitsa kufikitsa kuyeza khansa ya khomo la chiberekero, kuja kopaka viniga, mpaka ku zipatala zazing'ono ndi kumalo olandirira ma ARV. Mayi akagona kale pa bedi lomwelo, n'chiyani chingaletse namwino kumupimanso mawere ndi m'khwapa, n'kumuonetsa m'mene angadzifufuzire yekha kunyumba? Chimodzimodzi kusikelo ndi kolera. Amayi timapitako kale ndi miyendo yathu, simufunika kutisaka.

Chachiwiri n'chakuti wopezeka ndi chotupa asasochere panjira. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi khansa ya m'mawere mu 2021, ndipo imati amayi osachepera 60 mwa 100 alionse azipezeka matenda akadali pa gawo loyamba kapena lachiwiri, zoyeza zonse zizitha mkati mwa masiku 60, ndipo osachepera 80 mwa 100 azimaliza chithandizo. Masiku 60 amenewo ndi omwe ndikukupemphani muwagwiritsitse. Mayi wa ku Nsanje kapena ku Chitipa amagulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yopita ku Queen Elizabeth kapena ku Mzuzu Central. Akamuuza kuti abwerenso katatu kudzamva zotsatira za kanyama komwe anamudula pa chotupacho kuti akakayeze, ulendo wachitatuwo sabwera. Pakhale munthu pa chipatala cha boma lililonse wosunga kaundula wa amayi otumizidwa, woti aziwaimbira foni, ndipo alangizi a zaumoyo akumudzi azikawayendera akasowa.

Tinasangalala kumva za chipatala cha khansa chomwe chamangidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe, chifukwa kwa zaka zambiri ofuna chithandizo cha radiotherapy, chowotcha khansa ndi cheza champhamvu cha makina, ankachita kutumizidwa kunja. Koma chipatala chimenecho chipulumutsa ambiri pokhapokha odwala akamafika msanga. WHO imanena kuti m'mayiko olemera amayi oposa 90 mwa 100 amakhalabe moyo patatha zaka zisanu atapezeka ndi khansayi, pomwe ku South Africa ndi 40 okha. Kusiyanako kwakukulu kuli pa nthawi yomwe munthu wafikira kwa dokotala ndi chithandizo chomwe wachipeza.

Uthenga nawonso usamangomveka mu Okutobala, pa maulendo a ndawala a m'tauni ovala zapinki. Uzimveka pa mawayilesi a m'madera, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena, ukunena poyera kuti zotupa zambiri za m'mawere si khansa, kuti chotupa chosapweteka n'chofunikanso kukaonetsa, ndiponso kuti khansa ikapezeka msanga nthawi zina amachotsa chotupa chokha bere n'kutsala. Abambo auzidwe mwachindunji, chifukwa mayi amene akudziwa kuti mwamuna wake samuthawa amanyamuka msanga.

Achemwali anasiya ana aakazi awiri, ndipo wamkulu wakwanitsa zaka 30 chaka chino. Wandifunsa kale komwe angakapimitse pafupi ndi kwawo, ndipo ndikufuna ndikhale ndi pomulozera.

Ine wanu,
Mayi wa ku Dedza