Jambulani musanamasule bawuti yoyamba

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi eni galimoto amene masiku ano akumadzikonzera okha zovuta zing'onozing'ono, n'kumajambula ntchitoyo pa foni kuti anzawo aphunzirepo. Mchitidwewu ndi wabwino, koma zithunzi zambiri zimene timaona sizithandiza munthu: china galimoto ili pa jeke, china mwiniwake akumwetulira manja ali bii, basi zatha. Chithunzi chaphindu ndi chija chojambulidwa musanamasule bawuti yoyamba, poti ndicho chidzakukumbutseni mmene zinthu zinakhalira nthawi yobwezeretsa ikakwana, mutu utatopa kale.

Tengani mabuleki a dilamu akumbuyo. Mukavundukula dilamu mumapeza mashuu awiri, masipuling'i osiyana kutalika, ajasita (kachitsulo kosendeza mashuu kufupi ndi dilamu) ndi chingwe cha handibuleki. Sipuling'i imodzi ikakoloweka pa bowo lolakwika, buleki imatsalira itagwira, dilamu n'kuyamba kutentha. Choncho jambulani zitatu musanakhudze kanthu: cha patali chooneka gudumu lonse kuti mudziwe kutsogolo ndi kuti, cha pakatikati chooneka mashuu onse, ndi cha pafupi pa malo alionse pamene sipuling'i yakola. Vundukulani mbali zonse ziwiri koma muphwasule imodzi yokha, inayo ikhale yoonera. Kumbukirani kuti mbali ya kumanzere ndi ya kumanja zimakhala moyang'anizana, ndipo pa galimoto zambiri maajasita ake amapota mosiyana. Lembani papepala kuti "kumanzere" kapena "kumanja", pepalalo lioneke m'chithunzi.

Lamba wa injini nayenso amasokoneza anthu. Amazungulira mapule (timawilo tomwe lambayo amayendapo) angapo, ndipo akangochoka palibe amakumbukira njira yake. Mbali ya mizere imayenda pa pule wa mizere, msana wosalala pa pule wosalala. Pa injini zina mukamudutsitsa molakwika, pampu ya madzi imazungulira chobwerera ndipo injini imawira. Popeza mapule ena amabisika pansi pomwe kamera safika, onjezerani chojambula cha pamanja. Mawaya a mapulagi amatireni tepi ya manambala musanazule. Injini zambiri za masilinda anayi zimayaka motsatana 1-3-4-2, ndipo mukasinthanitsa awiri injini imanjenjemera kapena kukaniratu kulira.

Za mabawuti, musawaunjike m'chitini. Jambulani pamanja chithunzi cha chitsulo chimene mukumasulacho pa katoni, boolani mabowo, bawuti iliyonse muibaye pa malo ake, kenako katoniyo muijambule pa foni. Mabawuti ooneka ofanana amasiyana kutalika ndi mamilimita ochepa chabe. Yaitali ikalowa m'bowo losaya imagunda pansi n'kung'amba aluminiyamu, yaifupi imagwira mazinga awiri atatu n'kuwapulula.

Kajambulidwe kakenso kali ndi mwambo. Fulashi ya foni ikagunda chitsulo cha oyilo imangobweza kuwala, chithunzi n'kuyera mbuu. Izimitseni, muunike ndi tochi kuchokera cham'mbali kuti mng'alu kapena manambala odindidwa aoneke. Pukutani malowo kaye, pokhapokha ngati chimene mukufuna kuonetsa ndi pamene oyilo akudontha. Pamenepo jambulani musanapukute, mupukute, mulize injini pang'ono, mujambulenso. Mafoni ambiri amalephera kuona bwino mukayandikitsa kuchepera masentimita 10, ndiye bwererani pang'ono n'kudina pa sikirini pomwe pali chinthucho. Ikani rula pambali. Padi ya buleki payokha m'chithunzi siuza munthu kanthu, koma rula ikaonetsa kuti yatsala mamilimita 3, aliyense adziwa kuti yatha. Foniyo ilowetseni m'kapepala ka pulasitiki koonekera, kamera yokha ili pamtunda, chifukwa girisi ndi mafuta a mabuleki n'zowononga.

Chitsulo chakale musachitaye musanachijambule, chifukwa ndicho chimanena chimene chinalakwika. Mapadi akatha mosiyana, ina yadyeka inzake ikadali yonenepa, vuto lili pa mapini kapena pisitoni ya kalipa (chitsulo chofinya mapadi a buleki) imene yauma, ndipo atsopanowo adzathanso chimodzimodzi. Pulagi yofiirira ndiye kuti injini ili bwino, ya mwaye wakuda wouma ikusonyeza kuti petulo akuchuluka, yonyowa ndi oyilo ikuloza ku maring'i kapena masilu a mavavu. Ikani chakale ndi chatsopano pamodzi, nambala ya pa bokosi ikuwerengeka.

Pali zina zimene kamera singagwire, ndipo apa mpamene ambiri amasocheretsa anzawo. Chithunzi sichionetsa kuti bawuti yamangidwa mwamphamvu bwanji. Manati a matayala pa galimoto zing'onozing'ono zambiri amafuna pakati pa 100 ndi 120 Nm (muyeso wa mphamvu yomangira bawuti), pamene mapulagi ambiri amangofuna 20 mpaka 30. Womanga pulagi ngati tayala wawononga hedi ya injini. Nambala yeniyeni ili m'buku la galimoto yanuyo, ndipo ilembedwe pansi pa chithunzi limodzi ndi mtundu wa galimoto, chaka, nambala ya mtundu wa injini, makilomita ndi saizi ya sipanala. Galimoto za dzina limodzi zimatha kukhala ndi injini zosiyana kotheratu.

Wokuonerani amatengera zonse, ngakhale zoipa. Ngati m'chithunzi muli kunsi kwa galimoto yoimira jeke yokha, wina adzachita zomwezo. Masitandi ochirikiza galimoto aoneke, zotchinga matayala zioneke, waya wa negetivu wa batire aoneke atachotsedwa ngati mukugwira za magetsi, kalipa aoneke atamangiriridwa ndi waya osati kulendewera pa paipi yake. Musanatumize zithunzizo kwa anthu, phimbani nambala puleti ndi nambala ya chasisi, ndiponso zimitsani zoti kamera izisunga malo, chifukwa foni imatha kulemba m'chithunzi pomwe galimotoyo imagona.

Ngati ntchito inali ya mabuleki, pansi pa chithunzi chomaliza lembani ndi zilembo zikuluzikulu kuti munthu apondeponde pedulo mpaka ilimbe galimoto isanasunthe. Pisitoni ya kalipa imene mumaikankhira m'kati poika mapadi atsopano imafuna kubwerera kaye, apo ayi kuponda koyamba pedulo imakafika pansi galimoto osaima.

Ine wanu,
Wowerenga wodziwa za sipanala